Funsani Makaniko: Galimoto Ikumafooka Pamtunda Ikatentha

FUNSO: Ndili ndi galimoto ya petulo ya mu 2008, ya magiya osintha ndi dzanja. M'mawa imalira bwinobwino ndipo imanyamuka ndi mphamvu. Koma ndikayenda mphindi ngati 30, makamaka pokwera mtunda kapena pofuna kupitirira galimoto ina, ndimaponda moto koma iyo imangofooka, nthawi zina n'kumachita ngati ikutsamwa. Ndikaima n'kuizimitsa kwa kanthawi, imayambanso kuyenda bwino. Ndasintha mapulagi ndi sefa ya mpweya koma palibe chasintha. Amakaniko ena akuti injini yatha, ikufunika kuiphwasula. Kodi ndivomere? – Wowerenga wathu

YANKHO: Bambo, musavomere kaye. Injini yotha imakhala yofooka nthawi zonse, m'mawa ndi masana omwe. Imadya oyilo, imatulutsa utsi wabuluu, ndipo siibweza mphamvu chifukwa choti mwaipumitsa. Yanuyi ikupuma n'kudzukanso. Amene akuti yatha ayambe ayeza compression, kutanthauza mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya, inu mukuona. Ndi ntchito yosatenga ola, ndipo zimandipweteka mtima kuona injini yabwinobwino ikuphwasulidwa popanda kuyeza kumeneku.

Ulendo wina ikadzafooka, mudzayang'ane muvi woonetsa kuzungulira kwa injini. Ngati muviwo ukukwera, injini ikubangula koma liwiro silikuwonjezeka, ndiye kuti kilachi ikuterereka ndipo injini ilibe mlandu. Koma poti mwatchula kutsamwa, ine maganizo anga ali pa mafuta.

Injini ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo kuti moto uyake bwino. Ikamalira pamalo amodzi imamwa petulo wochepa kwambiri, moti ngakhale pampu ya petulo yotopa imakwanitsa. Pamtunda ndi pomwe imafuna wambiri nthawi imodzi, ndipo ngati sakufika wokwanira, mpweya umachuluka, moto n'kufooka. Pampu ya galimoto ngati yanu ndi yamagetsi, imakhala m'kati mwa thanki, ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo. Ikayamba kutha, imagwira ntchito bwino ili yozizira, ikatentha n'kuyamba kulefuka. Kasefa kamene kali kukamwa kwake nako kamakoka zinyalala pang'onopang'ono pamene mukuyenda mpaka kutsekeka, ndipo mukazimitsa injini zinyalala zina zimagwera pansi, njira n'kutsegukanso. Zonse ziwirizi zikufanana ndendende ndi zomwe mwafotokoza. Ndikufunseni: kodi mumakonda kuyenda thanki ili pafupi kuuma? Chizolowezi chimenechi chimafupikitsa moyo wa pampu.

Komabe musathamangire kukagula pampu chifukwa choti ine ndanena. Pali geji imene amalumikiza papaipi ya mafuta. Galimoto zambiri za mtundu umenewu zimafuna pulesha ya pakati pa 3 ndi 4 bar, ndipo nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Chofunika kwambiri n'chakuti ayeze injini itatentha ndiponso ikukoka. Ambiri amayeza m'galaja, galimoto itaima, injini ili yozizira, geji n'kuonetsa kuti zonse zili bwino, mwini wake n'kubwerera kunyumba ndi vuto lake lomwe lija. Ngati pulesha ikugwa mukaponda moto, ayambe ndi sefa ya mafuta ndi mawaya opita kupampu. Dziwaninso kuti m'galimoto zambiri za zaka zimenezo sefayi ili m'thanki limodzi ndi pampu. Ntchitoyi isachitikire pafupi ndi moto kapena munthu wosuta fodya, chifukwa petulo amathovoka mwamphamvu paipi ikamasulidwa.

Mafuta akapezeka kuti ali bwino, muganizire makoyilo. Mwasintha mapulagi, inde, koma koyilo ndi imene imapereka magetsi kupulagi, ndipo yong'aluka m'kati imakonda kulephera ikatentha. Pamenepo injini imanjenjemera chifukwa silinda imodzi yasiya kuwotcha. Njira yosavuta yoigwirira ndi kusinthanitsa koyilo yokayikitsayo ndi ya silinda ina, n'kuona ngati vuto lasamuka nayo.

Simunandiuze za nyali ya check engine, ija ya padeshibodi yochenjeza za vuto la injini. Ngati imayaka, kompyuta ya galimoto inasunga chifukwa chake, ndipo kamakina kolumikiza kukompyutayo, kotchedwa OBD-II, kakhoza kuwerenga n'kuonetsa nambala ya vutolo. P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi petulo. P0300 ndi kuphonya moto mosasankha silinda, pamene P0301 mpaka P0304 zimatchula silinda yeniyeniyo. Manambalawa amangoloza kumene muyenera kufufuza, satchula chitsulo choti mugule. P0171 yomweyo ikhoza kubwera chifukwa cha pampu, paipi ya mpweya yobooka, kapena sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ikadetsedwa. Sensayi imatsukidwa ndi mankhwala ake ake, osakhudza kawaya kake ndi zala. Ndipo musachotse batire musanapite kokawerengetsa, mungafufute umboni.

Nyali imeneyi ikamaphethira, chepetsani liwiro n'kuima pamalo abwino. Petulo wosapsa amakhala akupita mu ekisozi, komwe amakayakira mu catalytic converter, chipangizo chochepetsa poizoni wa mu utsi, mpaka kuisungunula m'kati. Ikatsekeka, utsi umasowa potulukira ndipo galimoto imakanika kupitirira liwiro linalake ngakhale mupondetse bwanji. Makaniko wodziwa ntchito amayeza pulesha ya utsi pabowo la sensa ya okosijeni ya kutsogolo. Ena angakuuzeni kuti angoiboola. Ine sindivomereza, chifukwa utsi wapoizoni umatuluka wonse, ndipo chimene chinaiwononga chimakhala chikadalipo.

Pomaliza ulendo, yandikitsaninso dzanja pa gudumu lililonse, osaligwira. Limodzi likamatentha kuposa anzake, mabuleki ake akugwira okha.

Pakadali pano chonde lekani kupitirira galimoto zina, chifukwa mphamvu ikakutherani muli mbali ya anzanu obwera kutsogolo, mulibe kothawira. Pezani makaniko amene angalole kukwera nanu, geji ndi kamakina kaja zili zolumikiza, muyende mphindi 30 zija mpaka mufike pamtunda womwe imafookerapo. Mudzandilembere manambala amene adzaoneke.