Hatchi ya ngolo kapena mbuzi ndi nkhuku?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Akuti: "Ndapuma pantchito ndipo ndili ndi madola 1,500 a ku America. Ndili ndi kamunda ka maekala atatu ku Seke, kumidzi kufupi ndi Harare. Ndikufuna kugula hatchi yoti izindilimira ndi kukoka ngolo, mbuzi ndi nkhuku ndidzaone pambuyo. Kodi ndaganiza bwino?"

Bambo, hatchiyo isiyeni. Ndalama zimenezi mwazikhetsera thukuta zaka zambiri, ndipo sindikufuna kuti zithere pa chiweto chimodzi.

Maekala atatu amalimika masiku owerengeka mvula ikangogwa mu Novembala, koma hatchi imadya chaka chonse. Msipu wokha suikwanira ikamagwira ntchito yolemetsa, imafuna chakudya chogula, ndipo ziboda zake zimafuna munthu wodziwa kuzisenga. Choopsa kwambiri ndi matenda aja a African horse sickness, ofala ndi tizilombo touluka toluma madzulo m'nyengo ya dzinja. Hatchi yosalandira katemera ikadwala, nthawi zambiri imafa. Mahatchi mumawaona kumalo a mipikisano ku Borrowdale mu Harare aja ali ndi madokotala ndi makola otetezedwa bwino. N'chifukwa chake kumidzi ya ku Seke ndi ku Domboshava mumakumana ndi ngolo za abulu ndi ng'ombe basi. Bulu amapirira matendawa, amapiriranso ludzu ndi msipu wouma.

Chaka chino lipirani mnzanu wa ng'ombe kapena thirakitala akugawulireni munda. Mudzalipira kamodzi, nkhani yatha.

Mpamba wanu uyambire pa nkhuku, chifukwa ndizo zimabweza ndalama msanga. Nkhuku zachikuda, zimene kuno timati ma roadrunner, zili ndi msika mu Harare muno, ku msika waukulu wa Mbare Musika ndi kwa amayi ophika sadza (nsima) m'misika. Dzira limaswa pa masiku 21, thadzi amalera yekha anapiye, ndipo theka la chakudya amadzipalasira. Mdani wake ndi chitopa. Chikalowa m'khola mumadzuka m'mawa n'kupeza nkhuku zazyolika, mapiko ali pansi, zina khosi litapindika, ndipo mankhwala ochiza palibe. Katemera wake ndi wotchipa, wothira m'madzi akumwa kapena wodonthezera m'diso, koma amafa akatenthedwa. Mukamugula m'tauni, muikeni m'kabokosi ka ayezi mpaka mukafike ku Seke, osati m'thumba la jekete muli m'kombi (minibasi).

Mbuzi ndiye banki yanu. Yambani ndi misoti isanu kapena isanu ndi umodzi ya mtundu wa Mashona, yozolowera nyengo yathu. Tonde wa Boer ndi wokongola koma wodula, ndipo amafuna chisamaliro chambiri, choncho poyamba bwerekani tonde wabwino kwa anzanu. Bere la mbuzi ndi la miyezi isanu, ndipo mukasamala mutha kupeza ana katatu m'zaka ziwiri. Mangani khola lam'mwamba kuti ndowe zizigwera pansi. Ziboda siziwola, njoka zam'mimba zimachepa, ndipo manyowawo amakuchepetserani matumba a feteleza. Gulitsani ana aamuna cha ku Khirisimasi ndi Isitala pamene mitengo yakwera, aakazi muzisunga. Pogula, musanyamule mbuzi popanda kalata ya apolisi ndi chilolezo cha a zanyama, chifukwa kuba ziweto ndi mlandu waukulu kuno.

Chinthu china simunachitchule m'kalata yanu: ndani azigona kumundako? Ngati inu muzikhala ku Mufakose n'kumapita Loweruka lokha, malipiro a woweta muwawerengeretu, komanso madzi a mu Okutobala zitsime zikaphwa. Patulani gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalamazo, likhale la katemera, chakudya ndi ngozi, ndipo musalikhudze.

Ngolo mukadzaifunadi, mwina yotuta madzi kapena njerwa za anthu molipiritsa, mudzagule abulu awiri ndi ndalama za mbuzi. Mundilemberenso mukamanga khola, tidzawerengere limodzi mtengo wogulitsira nkhuku.