Tintchentche ta m'matope: chithunzi chingatiuze dzina lake lenileni?

Mphunzitsi wina wa sayansi wa ku Thyolo wanditumizira imelo pamodzi ndi zithunzi za tintchentche totuwa timene ana ake a sukulu anatigwira pamatope m'mbali mwa damu lina la m'minda ya tiyi. Akufunsa ngati n'kotheka kudziwa dzina lenileni la mtundu wa kantchentche kalikonse pongoyang'ana zithunzizo.

Aphunzitsi, ndathokoza chifukwa cha funso lanu. Zimene ndaona pazithunzi zanu zikugwirizana ndi banja la Ephydridae, ntchentche zokonda m'mphepete mwa madzi, zomwe mitundu yake yodziwika padziko lonse ndi pafupifupi 2,000. Kuti mutsimikize, ikani kamodzi pansi pa maikulosikopu n'kuyang'ana kaubweya kotalika kamene kamatuluka pakanyanga kake: pa zambiri za m'banjali, timaubweya tating'ono timamera kumtunda kokha kwa kaubweyako, ngati mano a chipeso. Tintchentche timene timaunjikana pa nthochi zakupsa tili ndi timaubweyati mbali zonse ziwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Muonenso nkhope, yomwe kawirikawiri imakhala yotukumuka, ndi mtsempha wakutsogolo kwa phiko, womwe umaduka malo awiri.

Dzina la sayansi lili ndi mbali ziwiri, ndipo yoyamba tingaiyerekeze ndi chiwongo, pamene yachiwiri ndi dzina la mtundu weniweniwo. Chiwongo chimatheka kuchidziwa ngakhale ndi chithunzi chabwino. Mwa ziwongo za m'banjali, Ochthera sasowa, chifukwa miyendo yake yakutsogolo ndi yonenepa ndi yopindika ngati ya chiswamphika, ndipo amagwirira tizilombo tina, kuphatikizapo mphutsi za udzudzu. Ine ndinakhalapo pamwala m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula kuno ku Mulanje, ndikuonerera kamodzi kakuyenda pamchenga wonyowa, kakutambasula ndi kupinda miyendoyo mobwerezabwereza, ndipo sindinafune buku kuti ndikazindikire. Mitundu yambiri ya chiwongo cha Scatella ili ndi timadontho toyera pamapiko ndipo imadya ndere, pomwe mphutsi za chiwongo cha Hydrellia zimaboola masamba a zomera za m'madzi, mpunganso osausiya.

Dzina lachiwiri ndiye lovuta, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti chithunzi cha foni nthawi zambiri sichifikako. Mitundu yambiri ya chiwongo chimodzi imafanana kunja konse, moti chimene chimaisiyanitsa ndi maonekedwe a ziwalo zoberekera za yaimuna. Katswiri amadula kansonga ka mimba, amakaviika m'mankhwala otchedwa potassium hydroxide a 10 peresenti kuti minofu isungunuke, amakatsuka, kenako amakaika m'kadontho ka glycerine n'kuyerekeza chimene akuona ndi zojambula za anzake amene analongosola mitunduyo. Kantchentche kameneka kamangotalika mamilimita 2 kapena 3, ndiye taganizirani kuchepa kwa kachiwalo kamene akukayang'anako. Zazikazi zambiri zimangothera pa chiwongo. Potassium hydroxide amawotcha khungu ndi maso, choncho ntchito imeneyi isakhale ya ana.

Chimene ana anu angachite bwino ndi kusunga. Agwire tambiri pamalo amodzi pokweza mwayi wopeza taimuna, pokokeza kaukonde kansalu yofewa pamwamba pa matope. Tina mutiumitse n'kutimata chammbali pansonga ya kapepala kolimba kobayidwa ndi phini, chifukwa kafumbi kotuwa kapena kagolide kamene kamakuta nkhope ndi thupi, komwe kamathandiza kwambiri posiyanitsa mitundu, sikaoneka bwino kantchentche kakanyowa. Totsalato muike mu ethanol (mowa wa m'labotale) wa 95 peresenti kuti tidzathe kuyezedwa DNA. Pakapepala mulembe ndi pensulo malo, tsiku, ndi pomwe tinali, kaya pamatope, pandere kapena pamasamba, pakuti inki imasungunuka mu ethanol.

Amene anagwira ntchito yaikulu pa banjali ndi Wayne Mathis wa ku bungwe la kafukufuku la Smithsonian ku Washington ndi Tadeusz Zatwarnicki wa ku Poland, omwe mu 1995 anasindikiza m'ndandanda wa mitundu yake yonse ya padziko. KwaZulu-Natal Museum ya ku Pietermaritzburg ku South Africa imasunganso ntchentche zambiri za mu Africa zomwe zanu zingayerekezedwe nazo. Pakadali pano, m'kaundula wa kalasi yanu lembani chiwongo chokha n'kutsatiza zilembo "sp.", zosonyeza kuti mtundu weniweni sunadziwike, ndipo munditumizirenso zithunzi zoonetsa mutu chakutsogolo ndi phiko lotambasula.