Impso ya nkhumba mwa munthu: kodi matenda sabwera nayo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Namwera. Achimwene awo impso zinasiya kugwira ntchito, moti amapita ku Queens ku Blantyre kukatsukitsa magazi pa makina a dialysis. Mayiwa anamva pa wailesi kuti ku America akuika impso za nkhumba mwa anthu, ndiye akufunsa kuti: "Kodi munthu sangatengereko matenda a nkhumba ngati chigodola? Nanga ife omudwazika sitingatenge nawo?"

Mayi, za chigodola mtima ukhale pansi. Chimapululadi khola lonse, koma kachirombo kake sikagwira munthu. Chomwe chikuwasowetsa tulo madokotala ndi tizirombo tina tomwe nkhumba imakhala nato ili yathanzi, ikudya gaga bwinobwino.

Pa 7 Januwale 2022, madokotala a ku University of Maryland anaika mtima wa nkhumba mwa bambo David Bennett, a zaka 57. Bambowa anamwalira pa 8 Malichi. Zinadziwika kuti mtimawo unabwera ndi kachirombo ka nkhumba kotchedwa porcine cytomegalovirus. Nkhumbayo anaiyeza, inde, koma kachiromboka kamatha kugona phee m'thupi osaoneka pakuyeza wamba. Madokotala sananene kuti ndi kokhako kanawapha, koma anavomereza kuti mwina kanathandizira kuononga mtimawo.

Vuto limakula chifukwa cha mankhwala. Thupi likaona chiwalo chachilendo limalimbana nacho, choncho wodwala amapatsidwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi mwadala. Ife a kuno kunyanja taona ndi maso athu zomwe zimachitika chitetezo chikatsika, nthawi ija ma ARV asanafale: kachifuwa kachabechabe kankagwetsa munthu wamphamvu, woponya chilimira. Ndiye taganizani thupi lotere likulandira chiwalo chamoyo chomwe chabisa kachirombo.

Palinso gulu lina louma mutu, lotchedwa PERV. Iti sitichita kugwira nkhumba ayi, tinalembedwa kale m'majini ake (ndikunena majini a DNA, osati aja timaopsezana nawo usiku). Mwana wa nkhumba amabadwa nato, ngakhale khola mutalitsuka ndi sopo tsiku ndi tsiku. Ndi ta mtundu wa retrovirus, fuko limodzi ndi HIV, n'chifukwa chake mantha anakula mu 1997 akatswiri a ku London ataonetsa kuti m'labotale tingathe kulowa m'maselo a munthu. Koma mu 1999 atayeza anthu 160 omwe anathandizidwapo ndi ziwalo kapena maselo amoyo a nkhumba, sanapeze ndi mmodzi yemwe wogwidwa. Mu 2017 kampani ya eGenesis inabadwitsa nkhumba zomwe PERV wake anamupha mphamvu pogwiritsa ntchito luso losintha majini lotchedwa CRISPR. Impso yomwe bambo Richard Slayman analandira ku Boston mu Malichi 2024 inachokera ku nkhumba yotere, yosinthidwa majini malo 69. Anamwalira mu Meyi, ngakhale achipatala anati panalibe chosonyeza kuti impsoyo ndiyo inachititsa. Mayi Towana Looney anakhala ndi impso ya nkhumba masiku 130, thupi litayamba kuikana anaichotsa n'kubwerera pa dialysis.

Funso lanu lachiwiri lija ndi lomwe ine ndikuliona lolemera. Kachirombo ka nyama kakazolowera thupi la munthu mmodzi kangathe kudumphira kwa ena. Ku Malaysia mu 1998 ndi 1999 kachirombo ka Nipah kanachoka kwa mileme, kudzera mu nkhumba za m'makola, n'kupha anthu oposa 100. Kumeneko kunalibe za opaleshoni, koma madokotala phunziro analitola. Wolandira chiwalo cha nkhumba amavomera kumayezedwa magazi moyo wake wonse, ndipo a m'banja mwake amauzidwiratu za chiopsezocho.

Ndikudziwa kuti kuno ku Mangochi ena akangomva dzina la nyamayi amalavula. Za chipembedzo mukacheze ndi asheikh kapena abusa anu, ine ndayankha za tizirombo.

Nkhumba zomwe amatengako ziwalozi si za m'khola la kuseri kwa nyumba. Zimaleredwa m'nyumba zotsekedwa, zosefedwa mpweya, ndipo ntchito yonseyi idakali yoyeserera pa odwala owerengeka. Wina akakulemberani pa WhatsApp kuti tumizani ndalama akukonzereni impso yotere, mubulokeni. Achimwenewo asamadumphitse tsiku lawo la ku Queens, ndipo mukapitanso mukafunse adokotala ngati wachibale angathe kuyezedwa kuti apereke impso.