Kodi chipangizo chokulitsa nsagwada chingasinthe nkhope ya munthu wamkulu?

Owerenga athu ena, azaka 31, alemba pa imelo kuti: “Mano anga akumwamba ndi opanikizana, ndipo ndikaluma, ena akumbuyo amalowa mkati mwa akumunsi. Dokotala akuti ndiikidwe expander, chipangizo chokulitsa nsagwada. Kodi nkhope yanga isintha? Pa intaneti ena akuti masaya amatukuka, chibwano nkuoneka bwino.”

Zikomo polemba. Yankho lagona pa funso limodzi: chipangizocho chidzakankha mano okha, kapena chidzatsegula fupa?

Nsagwada yakumwamba ndi mafupa awiri okumana pakati pa denga la m'kamwa, ndipo pokumanapo pali msoko. Mwa mwana msokowu ndi wofewa. Dokotala amamangirira chipangizo chachitsulo ku mano akumbuyo, pakati pake pali sikuluu, kholo nkumapotokola ndi kakiyi kamodzi kapena kawiri patsiku. Kupotokola kumodzi kumakulitsa pafupifupi 0.25 mm. Pakatha masabata awiri kapena atatu msoko watseguka. Koma munthu akamadutsa zaka 15 mpaka 18, mafupa awiriwa amalumana ngati zala zopingasa, ndipo kwa ambiri azaka ngati zanu salola kupatukana mosavuta.

Mukaika chipangizo cha ana chija mwa munthu wamkulu, mphamvu yonse imathera pa mano. Dzino limapendekera kunja ngati mtengo wokankhidwa, muzu nkumapanikiza fupa lopyapyala la mbali ya tsaya. Fupalo likadyeka, nkhama zimatsika, khosi la dzino limakhala pamtunda, madzi ozizira nkumalasa. Mizu ina imafupika. Mukachichotsa, mano amayamba kubwerera kwawo, chifukwa maziko ake sanasunthe. Pofuna mamilimita awiri kapena atatu okha, kupendeketsa mano pang'onopang'ono kumatheka ndithu, koma kumeneko si kukulitsa fupa ayi.

Njira zotsegula fupa mwa akuluakulu zilipo ziwiri. Yoyamba imatchedwa MARPE. Chipangizo chimakhomeredwa m'fupa la denga la m'kamwa ndi timasikuluu, nthawi zambiri tinayi, tiwiri mbali iyi ya msoko, tiwiri mbali inayo, kuti mphamvu ipite ku fupa. Chizindikiro choti zatheka ndi mpata umene umabadwa pakati pa mano awiri akutsogolo. Ena amati akumva kuti “thi!” pamwamba pa mphuno, m'mawa nkuona pagalasi kampata kolowa nsonga ya lilime. Musachite nako mantha, kamadzatsekedwa ndi mawaya owongolera mano. Vuto ndi loti zaka zikamachuluka, makamaka mwa amuna, msoko umatha kukana. Timasikuluu timapindika kapena kugwedera, nkhama zozungulira nkutupa. Mukapotokola masiku ambiri mpata osaoneka, ululu nkumakula, lekani, pitani kwa dokotala. Kukakamira sikutsegula msoko, kumangowononga.

Yachiwiri ndi SARPE, ya opaleshoni. Dokotala amacheka fupa m'mbali mwa nsagwada ndi pamsoko, mumadikira masiku 5 mpaka 7, kenako mumayamba kupotokola. Ndi yodalirika kwambiri, koma imabwera ndi kutupa, kutuluka magazi m'mphuno ndi dzanzi la mlomo wakumwamba kwa kanthawi. M'njira zonse ziwiri chipangizo chimakhalabe m'kamwa miyezi 4 mpaka 6 mutasiya kupotokola, kuti fupa latsopano lidzaze mpatawo.

Tsopano za nkhope. Fupa likatsegukadi, pansi pa mphuno pamakula, chifukwa denga la m'kamwa ndilo pansi pa mphuno. Ambiri amapuma bwinoko, ndipo mapiko a mphuno amatambasuka ndi milimita imodzi kapena awiri. Mukamwetulira mano ambiri amaoneka, mdima wa m'makona a pakamwa umachepa. Mafupa a masaya amasuntha pang'ono zedi, moti sikani imaona koma mnzanu sangazindikire. Nthawi zina mbali imodzi imatseguka kuposa inzake, nkhope nkupendekeka pang'ono.

Nsagwada yakumunsi ndi nkhani ina. Msoko wake wa pachibwano umatsekeka mwana ali ndi chaka chimodzi, choncho chipangizo chakumwamba sichingaikulitse kapena kuitulutsa kutsogolo. Mwinanso poyamba chibwano chimatsika nkubwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa mano akumbuyo akugundana nsonga ndi nsonga. Zithunzi za “kale ndi tsopano” za pa intaneti zija, zambiri ndi kuwala, kaimikidwe ka mutu ndi kuonda basi.

Chenjerani ndi zipangizo zolonjeza kumeretsa nsagwada kutsogolo, kuchiza kubanika kutulo kapena ululu wa polumikizira nsagwada. Mu 2023 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku United States, lidachenjeza za zipangizo zotere, kuphatikizapo china chotchedwa AGGA, litalandira malipoti a mano ogwedera, mizu yoonekera, fupa lodyeka ndi mano otayika mwa akuluakulu.

Kwa inu, kuluma kopingasa kumene mwafotokozaku ndi chifukwa chomveka chokulitsira nsagwada. Musanavomere, pemphani sikani ya CBCT (X-ray yojambula mafupa mbali zonse) yoonetsa msoko ndi makulidwe a fupa lozungulira mizu, nkhama zipimidwe, ndipo mufunse dokotalayo mamilimita angati akufunika, angati adzachokera ku fupa, angati ku mano, komanso achita chiyani msoko ukakana.