Mitsempha yotupa kumachende, kodi ndi imene ikutimana mwana?

FUNSO: Ba Dokota, ndine bambo wa zaka 34, ndimayendetsa minibasi. Tatha zaka 3 m'banja koma mwana palibe, abale anga akungonena mayi akunyumba kuti ndi chumba mpaka azakhali anawagulira zitsamba ku Soweto Market koma olo kusintha. Manje ine kumanzere kwa machende ndikagwira ndimamva ngati muli nyongolotsi zopiringizana, ndikaima nthawi yaitali kumalemera ndi kuwawa pang'ono, ndikagona chagada zimaphwa. Kodi vuto lingakhale ine? Wodandaula, Matero

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa, amuna ambiri amangokhala chete mkazi akunyozedwa. Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi varicocele, kutupa kwa mitsempha yobweza magazi kuchokera kumachende. M'mitsemphamo muli timavalavu toletsa magazi kubwerera pansi, ndiye tikafooka magazi amangodikha mmenemo, mitsempha nkufufuma. Nthawi zambiri zimachitika kumanzere chifukwa mtsempha wakumeneko ndi wautali komanso umakathira mu mtsempha wa impso.

Nkhani yagona pa kutentha. Machende analendewera kunja dala kuti azizizirako ndi madigiri 2 kapena 3 kuposa thupi, nde magazi odikhawo akawatenthetsa mbewu imachepa, ina imayenda mwaulesi, ina imapangika yopunduka. Mphamvu kuchipinda mungakhale nazo zonse koma mbewu ili yofooka, izi ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo ambiri amasokoneza pamenepa.

Musataye mtima. Amuna pafupifupi 15 pa 100 ali nalo vutoli ndipo ambiri amabereka bwinobwino, kungoti pakati pa amuna ovutika kubereka limapezeka mwa 35 mpaka 40 pa 100.

Yambirani pa kiliniki yapafupi akulembereni kalata yopita kwa dokotala wa urology (woona za njira ya mkodzo ndi ziwalo zoberekera za amuna), monga ku chipatala chachikulu cha UTH. Akakugwirani muli chiimire, mwina akakujambulani sikani, komanso akayeza umuna mutakhala masiku 2 mpaka 7 osagonana. Mbewu ikapezeka yofooka pali opaleshoni yaing'ono yomanga mitsempha yotupayo, koma musayembekeze mimba mwezi womwewo, mbewu yatsopano imatenga pafupifupi miyezi 3 kuti ikhwime ndiye kusintha kumaoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6. Zitsamba sizingakonze mavalavu, ndalamazo sungani za thiransipoti.

Mayi akunyumba mupite nawo, nawonso akayezedwe, ndipo auzeni lero lomwe zomwe mwandilemberazi, asenza okha mawu a azakhali kwa zaka 3.