Kodi jini "limadzifotokoza"?

Funso: Ndikumasulira phunziro la momwe mapuloteni a kachilombo ka nsungu amayendetsera majini. Mnzanga walemba kuti "jini ladzifotokoza". Kodi ndi Chichewa chimenechi? (Wophunzira unamwino)

Yankho: Ayi ndithu, mwanawe. Amadzifotokoza ndi munthu amene wakhazikidwa pabwalo la milandu. Jini, lomwe ndi malangizo a chibadwa a m'selo, lilibe pakamwa. Mnzakoyo wangoveka Chingerezi choti "the gene is expressed" malaya a Chichewa, chizolowezi chimene chandimeretsa imvi.

Taona zimene zimachitikazo, mawu abwera okha. Kachilombo ka nsungu kotchedwa HSV-1, kamene kamatulutsa matuza pamilomo, kali ndi majini pafupifupi 80, koma sayamba ntchito nthawi imodzi. Polowa m'selo kamabwera katanyamula kale puloteni yotchedwa VP16. Iyi imagwirizana ndi mapuloteni a munthu mwini, Oct-1 ndi HCF-1, n'kuyambitsa gulu loyamba la majini. M'gululi mumachokera puloteni ina yotchedwa ICP4, imene imayambitsa gulu lachiwiri, lokopera DNA ya kachilomboko, kenako lachitatu, lomanga tizilombo tatsopano. Akatswiri a sayansi Honess ndi Roizman anafotokoza mndandanda umenewu mu 1974.

Ndiye mneni wake ndi uti? Kudzutsa! Jini limadzuka, VP16 imalidzutsa. Tamva kukoma kwa -ts- ameneyo: tilembo tiwiri tokha takuuza kuti pali wina wachititsa. Ndipo ICP4 ikachuluka imatsekereza jini lomwe linaipanga, pamenepo ine ndinganene kuti yaligoneka. Kudzutsa ndi kugoneka: phunziro lako lonse latheka ndi mawu amene mayi aliyense wolera khanda amawadziwa. "Kulamulira" sindikukana, koma kumandimvekera ngati puloteniyo yakhala pampando wachifumu.

Kugona kumathandizanso pena. Matuza akapola, kachilomboko sikafa. Kamakakhala m'maselo a minyewa, majini ake ambiri ali chete, mpaka tsiku lina thupi likafooka. Ena amati "kabisala". Ndimavomera, poti chitetezo cha m'thupi chimakhala chikukasaka. Koma wobisala amatuluka, wogona amadzuka. Usasakanize ziwirizi m'chiganizo chimodzi.

Chenjera ndi mawu oti majini. Ndili mwana, munthu akati "ali ndi majini" tinkathawa, poti ankanena mizimu. Pamene walitchula koyamba, fotokoza kuti ndi malangizo a chibadwa a m'selo, apo ayi odwala adzakuyang'ana cham'mbali. Chimodzimodzi "kachilombo": masiku ano ukangoti "ali ndi kachilombo" aliyense amamva HIV, ngati kuti tizilombo tina tonse tinasamuka. Uzitchula dzina lake nthawi zonse.

Za "mashingozi" ndinagonja kalekale. Ndi mawu obwereka, inde, koma analowa bwino m'gulu la ma- ndipo lilime siliphunthwa powatchula. Eni akewo, Angerezi, nawonso anabwereka "shingles" ku Chilatini, ku mawu otanthauza lamba, poti matuzawo amazungulira mbali imodzi ya thupi. "Herpes", dzina la nsungu m'Chingerezi, ndi Chigiriki, kutanthauza kukwawa. Ndipo kachilombo ka mashingozi ndi komwe kaja ka katsabola, ka m'banja limodzi ndi HSV-1: kanagona m'minyewa uli wamng'ono, kadzuka utakula. Ukalemba choncho, ngakhale agogo adzagwedeza mutu.