Nyimbo ya akuluakulu a Rolling Stones ija

Eee mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ndiyankhe pompano gulu lisanadzaze ndi nkhani zina. Wafunsa kuti nyimbo ya Rolling Stones ya mu 2023 ija, "Angry", anthu akuiyamikira chifukwa ndi yabwinodi kapena akungowapatsa ulemu poti ndi madala. Achemwalinso afunsa za vidiyo yake, ndifikako.

Choyamba udziwe chimene chinachititsa phokoso lonse lija. Bandi imeneyi inayamba mu 1962, kuno ku London. Nyimboyi isanatuluke, chimbale chomaliza cha nyimbo zopeka okha anatulutsa mu 2005, ndiye anthu anali atadikira zaka 18. Pakati apo, mu 2021, woyimba ng'oma wawo Charlie Watts anamwalira ali ndi zaka 80, ndipo ambiri tinaganiza kuti basi, za nyimbo zatsopano zathera pompo. Ndiye pa 6 September 2023 anatulukira ku Hackney Empire, holo yakale ya zisudzo kum'mawa kwa London, Jimmy Fallon wa pa TV ku America uja akuwafunsa mafunso. Nthawi imeneyo Mick Jagger, woyimba mawu, anali ndi zaka 80, oyimba magitala Keith Richards 79, Ronnie Wood 76. Tsiku lomwelo nyimbo ija inatuluka.

Olemba za nyimbo m'manyuzipepa ambiri anaikonda, ndipo ukawerenga bwino umaona kuti mtima unawakhala pansi. Ankaopa manyazi. Ankaopa kumva mawu onjenjemera, nyimbo yofooka, yoti munthu uyamikire ukuyang'ana pansi. M'malo mwake gitala inayamba mwaukali, Jagger akukuwa ngati mnyamata, chonsecho munthuyo anamuchita opaleshoni ya mtima mu 2019. Ambiri anaiyerekeza ndi "Start Me Up" ya mu 1981, ndipo sananame, kadulidwe ka gitala koyambirira kaja n'kofanana. Chimbale chonse, Hackney Diamonds, chitatuluka pa 20 October chinakhala nambala wani kuno, ndipo nyimbo ija inalowa pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Grammy. Ulemu wa ukalamba ulimo ndithu m'zimene analemba, sindingakubisire, poti pafupifupi aliyense ankatchula zaka zawo. Koma ulemu wokha sungapangitse munthu kubwereza nyimbo kachitatu.

Amene anavuta ndi otsatira awo enieni, aja ali ndi zimbale zonse m'nyumba. Apa ndi pamene ndikufuna umvetsere, iwe woyimba gitala.

Dandaulo lawo lalikulu ndi la kajambulidwe. Amene anatsogolera ntchito mu situdiyo ndi Andrew Watt, wobadwa mu 1990, amene wagwirapo ntchito ndi Justin Bieber, Miley Cyrus komanso Ozzy Osbourne. Iye amajambula mwa masiku ano: chilichonse chimveke pamwamba, chowala, chokwera, choti ngakhale pa kasipika ka foni chikumenye. Otsatira akale akuti Stones sinali choncho. Zimbale zawo za m'ma 1970 zinali ndi litsiro lake, mawu a Jagger nthawi zina amamira m'magitala, wina amachedwa pang'ono kulowa, koma pamenepo ndi pamene pankakoma. Akuti tsopano zonse zasalazidwa, mawu akonzedwa pa kompyuta mpaka sukumva mpweya wa munthu. Ena akuyankha kuti popanda mnyamata ameneyu chimbalecho chikadakhalabe m'kabati, chifukwa ndi iyeyo amene anawathamangitsa kuti amalize. Onse awiri akunena zoona, ine ndikuona choncho.

Koma chimene chikuwawa anthu kwenikweni, ngakhale ena sakuchitchula, ndi ng'oma. Mu bandi zambiri onse amatsatira woyimba ng'oma. Mu Stones zinali zotembenuka: Charlie ndi amene ankatsatira gitala ya Keith. Ukudziwa m'mene woyimba mbalule amayang'anira mapazi a wovina pabwalo, osati wovina kuyang'ana iye? Ndi momwemo. Ndiye ng'oma imagwa pambuyo pang'ono, pang'ono zedi, nyimbo n'kumakhala ngati ikupendekera koma osagwa. Analinso ndi chizolowezi chokweza ndodo ya kumanja nthawi imene ya kumanzere ikumenya sineya, ng'oma yaing'ono yolira mwakuthwa ija, kuti kumenyako kumveke kokha. Chimenecho sungachilembe papepala kuti wina achitenso.

Amene akuyimba ng'oma mu "Angry" ndi Steve Jordan, ndipo si mlendo ayi. Wakhala akuyimba ndi Keith kuyambira m'ma 1980, komanso Charlie mwini wake, atadwala, ndi amene anamupempha kuti amugwirire malo. Ndi katswiri. Koma iye amamenya molimba, molunjika, amakankha nyimbo kutsogolo. Ndiye munthu amene wakhala zaka makumi asanu akumva kachedwedwe kaja akamvetsera "Angry" amamva kuti china chake palibe, n'kuyamba kudzudzula situdiyo. Ine ndikaona anthu akulemba mokwiya pa YouTube ndimawamvera chisoni, chifukwa ambiri mwa iwo akulira maliro a Charlie. Ukafuna kudzimvera wekha, m'chimbale chomwecho muli nyimbo ziwiri zimene Charlie anajambula asanamwalire, "Mess It Up" ndi "Live by the Sword". Yachiwiriyi mulinso Bill Wyman, woyimba besi wawo wakale. Uziike motsatizana ndi "Angry", khutu lako likuuza.

Ndiye yankho langa ndi ili: nyimboyo ndi yabwino, koma siifika pa zazikulu zawo. Mawu ake ndi wamba, mwamuna akupempha mkazi kuti asamukwiyire, palibe chozama. Mphamvu yake ili m'magitala. Keith zala zake zinapindika ndi nyamakazi, iye mwini amanena kuti anasintha kayimbidwe chifukwa cha zimenezo, ndipo ukamvetsera amamenya pang'ono n'kusiya mpata, Ronnie n'kulowa mu mpatamo. Amalukana mpaka sudziwa kuti uyu ndi uti. Zimenezo sizinathe, ndipo n'zimene zinandigwira mtima. Munthu amene nthawi imeneyo anali ndi zaka pafupifupi 80, wa zala zopweteka, n'kumapezabe njira yoti gitala ilankhule, ine zimenezo ndimazilemekeza kwambiri. Amene akunena kuti akuluakuluwa akanangopuma ndimatsutsana nawo kotheratu. Apume chifukwa chiyani, ntchito akuitha?

Tsopano achemwali, za vidiyo ija. Mtsikana ali pagalimoto yofiira yopanda denga uja ndi Sydney Sweeney, wa mafilimu ku America, ndipo msewu uja ndi Sunset Boulevard ku Los Angeles. Zikwangwani zimene akudutsa zikuonetsa bandiyo pa zaka zosiyanasiyana, kuyambira ali anyamata. Zimene mwadandaula inuzo ena kuno anadandaulanso, kuti azibambo a msinkhu umenewo kuika mwana wa zaka za m'ma 20 atavala choncho n'kugwiritsa ntchito thupi lake ngati chokopera anthu. Damon Albarn wa bandi ya Blur analankhulapo poyera. Mtsikanayo anayankha kuti zovalazo anasankha yekha ndipo anasangalala nazo. Mawu ake ndikuwalemekeza, komabe ndili kumbali yanu achemwali. Zikwangwani zija pazokha zinali zokwanira, ndipo ndikanakonda kamera ikanakhalitsa pamenepo.

Mphwanga, usaimvere pa sipika ya foni, ubwereke mahedifoni abwino. Ukafuna kuyesa kayimbidwe ka Keith, chinsinsi chake cha nyimbo zambiri n'chakuti amachotsa chingwe chachikulu cha pamwamba chija n'kutsala ndi zisanu, n'kuzichuna kuti ukangokhwacha osagwira paliponse imveke G. Uyambire pa "Start Me Up", poti imeneyo anaiyimba choncho. Ukaigwira ujambule utitumizire pagulu pano timve tonse. Uwapatse moni amayi, uwauze ndiwaimbira Lamlungu akabwera kutchalitchi.